Nsadzu ndi Kapuku: Za Mabuku a Zinyama Olembera Ana

Mwana wa sukulu wa m'dziko la Chadiza akapatsidwa buku la zinyama, kawirikawiri cimene ayamba kuona pacikuto ndi mkango, kapena njobvu, kapena cipembere. Zithunzi zace nzokongola, ndipo palibe munthu angamletse mwanayo kuzikonda. Komatu iye akhoza kubadwira kwa Mlolo, kwa Mwangala kapena kwa Zingalume, nakula, namanga banja, nafika pa ukalamba, osaonapo mkango wamoyo. Zinyama zazikulu zotere ziri ku cigwa ca Luangwa, ulendo wa mamailosi oposa 100, ndipo ambiri amene apita kukaziona ndi alendo a ndalama. Zimene mwanayo akomana nazo masiku onse ndizo mbewa za m'munda, mbira za m'matanthwe, inswa za pa culu, kadzidzi wolira usiku, ndi timbalame ta m'mphepete mwa mtsinje. Cifukwa cace buku la zinyama liyenera kuyesedwa ndi funso ili: kodi mwana akalitseka naturuka pabwalo, aona bwino koposa kale zimene ziri pakhomo pace? Mabuku ambiri amene afika m'manja mwa ana a m'midzi sapambana pa funso limeneli.

Bvuto ili silinayambe lero. M'caka ca 1937 kunakhazikitsidwa African Literature Committee ya Northern Rhodesia, ndipo m'caka ca 1948 nchito yace inatengedwa ndi Bungwe la Mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ku Lusaka. Mabuku a Cinyanja a zaka zimenezo amene anthu akumbukirabe ndi a mbiri, a miyambo ndi a nthano, monga Mbiri ya Acewa ya Samuel Ntara, Maliro ndi Miyambo ya Acewa ya A. J. Makumbi, ndi Kukula ndi Mwambo ya John Gwengwe. Olemba aja anaona kuti miyambo irikutha, nafulumira kukafunsa akulu asanatsikire kuli cete. Nzeru ya zamoyo za m'thengo sanaifulumirire cotero, kapena cifukwa inaoneka ngati cinthu ca anyamata obusa mbuzi, cosayenera kuonongerapo inki. Motero zinyama zinalowa m'mabuku a Cinyanja pa khomo limodzi lalikulu, ndilo la nthano.

Nthano nzabwino, koma kalulu wa m'nthano si kalulu ai. Ndi munthu wocenjera amene wabvala cikopa ca kalulu. Mwana womva nthano makumi awiri za iye adziwa zambiri za mtima wa anthu, koma sadziwa kuti kalulu abala ana angati, kapena adya ciani m'cirimwe. Fisi ndiye analakwiridwa koposa. Nthano zimuyesa citsiru ndi wamantha, wongotola zotsala za mkango. Koma Hans Kruuk, amene anatsata afisi usana ndi usiku ku Serengeti ndi ku Ngorongoro m'dziko la Tanzania, nasindikiza buku lace m'caka ca 1972, anapeza kuti afisi adzisakira okha cakudya cao cambiri, kuti nthawi zina mikango ndiyo ilanda nyama ya afisi, ndi kuti m'gulu lao akazi ndiwo alamulira. Nthano iribe mlandu pa ici, pakuti siinalonjeze kunena za fisi weniweni. Mlandu uli pa kusowa kwa buku lina loima pambali pa nthano, louza mwana zimene maso angathe kutsimikiza.

Mabuku onena zoona za zamoyo za maiko ano analipo ndithu, koma sanalembedwe cifukwa ca ana. Jessie Williamson anasindikiza Useful Plants of Nyasaland m'caka ca 1955, C. W. Benson ndi C. M. N. White anaturutsa mndandanda wa mbalame za Northern Rhodesia m'caka ca 1957, W. F. H. Ansell analemba Mammals of Northern Rhodesia m'caka ca 1960. Awa ndi mabuku a nchito yaikulu, a Cingerezi codzala ndi maina a Cilatini, oyenera shelefu ya ofesi ya Boma. Mwa atatuwa la Williamson ndilo liyandikira ku mudzi, cifukwa licula maina a zomera m'zinenero za eni dziko, ndi kunena cimene adya, cimene apangira cingwe, ndi cimene acita naco mankhwala. Buku limene acinyamata odziwa Cingerezi akanawerenga mokondwa ndi Return to the Wild la Norman Carr, la 1962, lonena za mikango iwiri, Big Boy ndi Little Boy, imene iye anailera naibwezera kuthengo. Carr anali munthu wodziwa cigwa ca Luangwa, ndipo ndiye anapangana ndi Mfumu Nsefu m'caka ca 1950 kuti ndalama za alendo oona nyama zipindulire anthu a mfumuyo. Koma mwana womaliza buku lotere aturukamo ndi ganizo lakuti nyama yoyenera kulembedwa m'buku ndi yaikulu, yakutali, ndi yokhala ndi dzina la Cizungu.

Amene anayesa kuongola ici ndi a bungwe losunga nyama za m'thengo la Zambia, pamene anayambitsa magulu a Chongololo m'masukulu m'caka ca 1972, pamodzi ndi magazini ya ana ya dzina lomwelo, ndipo pambuyo pace, m'caka ca 1978, pologalamu ya pa wailesi. Anacita bwino posankha dzina. Akanatha kuchula gulu lao mkango kapena nkhwazi, koma anasankha bongololo, kanthu kokwawa pansi kamene mwana aliyense anakakhudzapo ndi kamtengo nakaona kakudzipinda. Ana ambiri a Zambia anayamba kuyang'anitsitsa zamoyo cifukwa ca magulu amenewa, ndipo m'caka ca 1990 bungwe la United Nations linapatsa nchitoyi ulemu. Cosowa cace cinali cinenero. Magaziniyo inaturuka m'Cingerezi, monga momwe sukulu yomwe inaliri kuyambira m'caka ca 1966, pamene lamulo linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira kalasi loyamba. Mwana wa ku Chadiza anakhala ngati munthu wa nkhokwe ziwiri zotalikirana: m'modzi muli mau a m'buku oyankhira mayeso, m'inzace muli maina ndi nzeru zimene anamva kwa atsibweni ace kumunda, ndipo panalibe njira yocokera ku iyi kunka ku iyo. Boma linabwezera zinenero za m'dziko m'makalasi anai oyamba m'caka ca 2014, koma lamulo silibala buku. Buku alemba ndi munthu.

Tsono buku loyenera likadayamba pati? Likadayamba pa mbewa. Wina adzaseka pomva ici, koma aganize bwino. Dzinthu zikakololedwa, udzu nuuma, anyamata atenga makasu napita kukakumba mbewa, ndipo palibe phunziro lina la zamoyo limene mwana wa m'mudzi alidziwa mozama ngati limeneli. Adziwa kusiyanitsa una wokhalamo ndi una wakale. Adziwa kuti mbewa iri ndi khomo lothawira, ndi kuti wokumba ayenera kuyamba walitseka. Adziwa kulowetsa dzanja mocenjera kuopa njoka. Koposa izi adziwa maina. Mzungu wa m'tauni aona mbewa nangoti mbewa, koma Mcewa anena kapuku, phanya, citute, sakhwi, swiswiri, mfuko, bwampini, nchenzi, ndipo dzina lirilonse liri ndi makhalidwe ace. Brian Morris, Mngerezi amene anagwira nchito m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje asanakhale mphunzitsi wa pa yunivesite ku London, anasonkhanitsa maina otere ndi kasakidwe kace m'buku lace The Power of Animals la 1998. Ncacisoni kuti nzeru ya anyamata a m'midzi inayenda ulendo wonka ku England, nisindikizidwa m'Cingerezi pa mtengo umene mphunzitsi wa pulaimale sangaukwanitse, osabwerera kwa eni ace m'cinenero cao.

Pa maziko a maina amenewa wolemba akhoza kumanga zimene mwana sangazipeze ndi khasu. Kapuku wamkazi ali ndi mawere oculuka koposa mbewa zina, kufikira 24. Atenga mimba masabata atatu ndi masiku owerengeka, nabala ana khumi kapena kuposa pa nthawi imodzi. Mwana akapatsidwa manambala awa akhoza kuwerengera yekha pa sileti cifukwa cace caka ca mvula yabwino citsatidwa ndi mbewa zofukula cimanga cobzala kumene. Citute cinyamula mbeu m'matumba a m'masaya mwace nicikundika pansi, ndipo wokumba apeza nkhokwe yace. Bukulo lifunse mwana kuti awerenge mitundu ya mbeu zimene apezamo. Sakhwi, wa mphuno yaitali uja, aikidwa pa mpani pamodzi ndi mbewa, koma akatswiri oyesa magazi ndi cibadwa ca zamoyo anapeza kuti iye si mbale wa mbewa konse. Ubale wace uyandikira kwa njobvu. Momwemonso mbira, imene mwambi uti inasowa mcira cifukwa ca kutuma anzace, iri pa cibale ndi njobvu. Mwana amene sanaone njobvu akauzidwa kuti abale ace a njobvu aothera dzuwa pa tanthwe la kuseri kwa sukulu, sadzapitanso pa tanthwelo osayang'ana.

Nanga bwampini? Mnyamata amdziwa ngati ndiwo ndi ngati mbala ya m'nkhokwe. Koma ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, bungwe la APOPO liphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba okwiriridwa pansi, pakuti mphuno yao njakuthwa ndipo thupi lao nlopepuka, losatha kuphulitsa bomba. Anagwira nchito imeneyi ku Mozambique, tsidya lija la malire a Chanida, kufikira dzikolo linalengeza m'caka ca 2015 kuti minda yodziwika ya mabomba yatha. Ena aphunzitsidwa kununkhiza cifuwa cacikulu m'makhololo a odwala. Mmodzi wa iwo, dzina lace Magawa, analandira mendulo ya golidi m'caka ca 2020 cifukwa ca nchito yace ku Cambodia. Nkhani iyi iposa ya mikango iwiri ija, ndipo mwini nkhani ali kuseri kwa khola.

Buku lotere liyeneranso kunena zowawa, koma mosanyoza. Mabuku ambiri osunga cilengedwe alankhula ndi mwana wa m'mudzi monga woweruza alankhula ndi wamlandu: usaphe, usachere, usatenthe. Mnyamata amene mbewa ndiyo nyama yokha imene alawa mwezi wathunthu amva mau otere nadziwa kuti bukulo silinalembedwe ndi munthu wodziwa njala, ndipo alitseka. Cimene afunika kuuzidwa ndi cifukwa. Moto woyatsa m'mwezi wa September kuti mauna aoneke upsereza timitengo tophuka, nutentha manyowa a m'munda, nusiya nthaka yamariseche pamene mvula yoyamba ifika ndi mphamvu. Utitiri wa pa mbewa ndi makoswe unyamula mliri woopsa wotupitsa mwanabere, umene unagwa m'dziko la Nyimba m'caka ca 2015. Cifukwa cace mbewa yopezeka itafa yokha siyenera kutoledwa. Kadzidzi amene anthu amponya miyala pomuyesa mthenga wa mfiti ndiye mlonda wa munda, pakuti usiku uliwonse agwira mbewa. Izi zikanenedwa kwa munthu amene wayamba walemekezedwa monga wodziwa, zilowa.

Pali citsanzo cina coonetsa kuti buku likhoza kulakwa pamene mudzi unena zoona. M'dziko la Chadiza muli mtsinje wa Nsadzu, ndi malo a Nsadzu pamene amishoni a Dutch Reformed Church anamanga m'caka ca 1908. Dzina lomweli ndilo la kambalame kofiirira, kosakongola, kamene kalirira munthu m'thengo, nikauluka patsogolo pace mtengo ndi mtengo kufikira kamfikitsa pa njuci. Munthu afukiza utsi, natema mphako, natenga uci. Mbalame itsala nidya phula ndi ana a njuci. Nsadzu ndi imodzi ya mbalame zowerengeka zokhoza kugaya phula m'mimba. Wansembe wa Cipwitikizi, João dos Santos, anaiona ku Sofala irikujompha makandulo a m'chalichi, nalemba za ici m'buku lace la 1609. Komabe kwa zaka zambiri ophunzira ena anakayika ngati mbalameyi itsogoleradi munthu, nayesa nkhaniyi ngati imodzi ya nthano za anthu akuda.

M'caka ca 2016 Claire Spottiswoode ndi anzace anasindikiza zimene anapeza poyenda ndi Ayao ofula uci m'nkhalango ya Niassa ku Mozambique. Ayao aja ali ndi kaitanidwe kao, kunjenjemeretsa milomo ndi kutsiriza ndi kubuula kwakufupi, kamene ana aphunzira kwa atate ao. Poyenda ndi mau wamba, nsadzu inabwera kudzatsogolera pa maulendo 33 mwa 100. Poyenda ndi kaitanidwe kaja, pa maulendo 66. Kupeza njuci kunakwera kucokera pa 17 kufika pa 54. M'caka ca 2023 anaonetsanso kuti nsadzu za ku Niassa zimvera kwambiri kuitana kwa Ayao, pamene za ku Tanzania zimvera kwambiri mluzu wa anthu a mtundu wa Hadza. Ndiko kuti mbalame ya kuthengo, yosawetedwa ndi munthu, iphunzira kaitanidwe ka anthu a kwao. Zimene okalamba ananena pa bwalo zinatsimikizika ndi manambala.

Pamene mabuku anali kukayika za munthu ndi nsadzu, anali kubwereza mosakayika nkhani yina, yakuti nsadzu itsogolera ciuli ku njuci. Nkhaniyi iri m'mabuku ambiri a ana, ndi zithunzi zace zojambula pamanja, koma umboni wace ngwocepa. Ofufuza amene anafunsa ofula uci mazana m'maiko ambiri a Africa anapeza kuti oculuka a iwo sanazionepo, kupatula ena a ku Tanzania. Wolemba wina anakopera kwa mnzace, mnzaceyo kwa wina, ndipo cinthu cikasindikizidwa kakhumi cioneka ngati coona. Apa pali phunziro limene buku la ana liyenera kupereka poyera: kusiyanitsa cimene munthu anaona ndi maso, cimene anamva kwa woona, ndi cimene cingonenedwa. Cikhulupiriro cakuti nsadzu ukaimana phula idzakutsogolera kwa njoka tsiku lina ciyenera kulembedwa, pakuti ndi mwambo wophunzitsa kuyamika. Koma cilembedwe pa malo ace, monga conenedwa.

Ndipo wolemba asaphimbe mbali yoipa ya mbalameyi pofuna kuikometsa. Nsadzu siimanga cisa. Iikira dzira lace m'cisa ca mbalame zina zoswera m'mauna ndi m'mphako, ndipo mwana wace aswa ali ndi ngowe yakuthwa ku mlomo, imene aphera nayo ana a mwini cisa iye asanatsegule ndi maso omwe, kuti cakudya conse cikhale cace. Spottiswoode yemweyo anajambula zimenezi m'mauna a mbalame pafupi ndi Choma, m'Zambia momwemo. Mabuku olembera ana akonda kugawa zinyama pawiri, zabwino ndi zoipa, monga nthano zicita. Koma bwenzi la wofula uci ndi wakupha wa m'cisa ndi mbalame imodzi, ndipo mwana wa zaka khumi ndi ziwiri ali ndi nzeru zokwanira kusenza zonse ziwiri.

Wina adzati Cinyanja ciribe mau okwanira kulembera zinthu zotere. Amene atero atsegule dikishonale ya Cimang'anja ya David Clement Scott ya 1892, aone kuculuka kwa maina a mbalame, mitengo, misampha ndi tizirombo amene mmishoni mmodzi anatola ku Blantyre. Mau alipo. Bvuto leni leni nlakuti dzina la kanyama kamodzi lisiyana pakati pa Chadiza, Dedza ndi Tete, ndipo nthawi zina dzina limodzi ligwira tinyama tiwiri. Mankhwala ace ndi cithunzi coona, cojambulidwa bwino, ndi mzere wosalembapo pansi pace pamene mwana alembe dzina la kwao. Zithunzi za m'mabuku ochipa, m'mene mbewa iri yonse ioneka ngati khoswe wa m'nyumba, ziononga koposa kusowa kwa cithunzi.

Nchito iyi siifuna munthu wa madigiri. Ifuna wotsiriza sukulu wokhala ndi kope, pensulo ndi cipiriro, wosacita manyazi kukhala pansi ndi anyamata okumba mbewa ndi amai ozula bowa. Paja mbewa ya manyazi inafera ku una. Mutu woyamba uli pafupi. Apite kwa okalamba amene anafulapo uci m'mapiri a kwa Mwangala ndi kwa Mlolo, awapatse moni mwaulemu, nawafunse mmene anali kuitanira nsadzu, kapena ndi mluzu, kapena pogogoda mtengo ndi nkhwangwa, kapena ndi mau. Alembe mwezi umene mbalameyo ilira kwambiri, mitengo imene njuci zikonda, ndi cimene anali kuisiyira pa tsinde atatha kufula. Akatero ayende yekha m'mphepete mwa mtsinje wa Nsadzu m'mamawa, masabata angapo, nalembe tsiku liri lonse ngati waimva kapena sanaimve.